Botolo la Lachisanu

Lachiwiri, 5 Juni 1979

Andigoneka dzulo masana. Ndinagwa m'kalasi ndikulemba pa bolodi, ana a Sitandade 3 n'kuthawira panja akulira kuti aphunzitsi afa. Sindinafe. Ndinatsitsimuka ndili pa lole ya thonje, mutu wanga uli pa miyendo ya amuna anga, a Kalisto, akundikupiza ndi chipewa, tikuwoloka Shire.

Kope ili ndinagulira masamu, koma masamba akumbuyo ndizilembamo za kuno, chifukwa a dokotala amalankhula msanga ndipo ine ndimaiwala.

Akuti ndi matenda a shuga, ndiponso magazi akuthamanga. Sikelo yati mapaundi 207. Nesi wa wodi yathu, Sisitala Molly, anandikweza kawiri poganiza kuti sikelo yalakwa. A Kalisto atamva nambalayo anamwetulira n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu amva. Iwo ndi khukhi. Anaphikira mzungu wa ku esiteti zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsopano ali ndi tiyirumu yawo kwathu kwa Makhuwira. Anandikwatira ndili ngati bango, choncho paundi iliyonse ya thupi langali amaiwerengera kuti ndi ntchito ya manja awo.

Ndawauza a dokotala za mayeso. Ndine mphunzitsi wongogwirizira, chino n'chaka cha khumi ndi chimodzi. Kalata inabwera yoti amene alibe JC, chaka chino n'chomaliza, abweze choko. Ndalemba kawiri, ndalephera kawiri. Ndimaphunzira kudzera pa positi, ndipo mayeso ayamba Lolemba pa 2 Julayi, pa sekondale ya pano pa boma. A dokotala anawerenga masiku pa kalendala n'kunena kuti, “Mayi, botolo lanu likakhala bwino masiku atatu otsatizana, mukalemba. Likapanda kutero, pa geti simutuluka.”

Lachitatu, 6 Juni

Za botolo zili chonchi. M'mawa uliwonse ndimakodzera m'kabotolo kolembedwa dzina langa, kamapita ku labu. Kumeneko a Jeremiya amadontheza mkodzowo m'mankhwala abuluu n'kuwiritsa pa kanyali. Mankhwalawo akakhalabe abuluu, kapena akabiriwira ngati msipu, ndiye kuti zili bwino. Chikasu n'choipa. Kufiira ngati njerwa ndiye koipitsitsa. Lero yatuluka njerwa.

Malamulo a Sisitala Molly ndawalemba monga ananenera. Piritsi limodzi m'mawa. Tiyi wopanda shuga. Nsima mtanda umodzi, ya mgaiwa kapena ya mapira, kukula kwake ngati nkhonya yanga, osati ya amuna anga. Masamba ambiri. Nsomba yowamba kapena yophika, yopanda mafuta. Mchere pang'ono. Kuyenda kuchokera pa khonde la wodi kukafika pa mtengo wa nimu wa pa geti n'kubwerera, kasanu m'mawa, kasanu madzulo.

Ndinafunsa za mandasi. Anangondiyang'ana.

Lachisanu, 8 Juni

Botolo: njerwa.

Ndatsegula buku la Jogalafe koma palibe chimene chikulowa. Zaka zonsezi ndimawerengera pa katebulo ka kuseri kwa tiyirumu, a Kalisto akundiikira kapu ya tiyi wa mkaka, shuga masipuni anayi, ndi masikono otsala. Tsamba limodzi, sikono imodzi. Mutu wanga unazolowera kugwira zinthu pakamwa pakutafuna. Lero ndawerenga za mitsinje ya ku Canada katatu, chimene ndatsala nacho ndi njala yokha.

Pa bedi la kumanzere kwanga pali a Esinala, mayi wachikulire wa kwa Ndamera, kwathu kobadwira. Ngolo inawaponda mwendo, ndipo mwendowo auimika m'mwamba ndi chingwe, mwezi wachiwiri uno. Atamva kuti ndine wa kwawo anataya Chichewa, tinacheza m'Chisena mpaka Sisitala anatiletsa. Anandifunsa chimene ndikudwala, ndinawauza kuti andilamula kuonda. Iwo anati, “Munthu kukwera lole kudzaonda kuchipatala? Ife kwathu timaonda tili pakhomo, mwananga, osavutitsa dokotala.”

Lamlungu, 10 Juni

Sikelo: 204.

Kwabwera amayi asanu ndi mmodzi a ku tchalitchi chathu, motsogozedwa ndi amayi a Simoni. Anyamula mpunga wa nkhuku, mbatata, mlamba wokazinga, nthochi, ndi thobwa m'chigubu. Fungo lake linandiliza m'mimba mpaka ndinachita manyazi.

Kwathu mbale ya wodwala sibwerera ndi chakudya. Ukabweza, ndiye kuti ukumuganizira mwiniwake kuti wathiramo kanthu, ndipo nkhani yotero sitha ndi chaka chimodzi. Ndinanyemako pang'onopang'ono iwo akuona, n'kunena kuti ndimaliza ndikapumako. A Kalisto anasonkhanitsa mbale zonse kupita nazo ku mpanda wa odikirira odwala, kumene akugona, n'kubwera nazo zotsukatsuka. Amayi aja anapita okondwa.

Ndinawafunsa kuti agawira ndani. Akuti palibe.

“Ndikagawa, mawa zimveka kwa Makhuwira kuti nkhuku ya amayi a Simoni, Luisa mkazi wa Kalisto anapatsa anthu a m'njira. Ndadya ndine.”

“Mbale zisanu ndi imodzi?”

“Nanga ansembe potikwatitsa sanati ndife thupi limodzi? Ndikadya ine, mwadya inu. Palibe bodza pamenepo.”

Mwamuna ameneyu ndimamukonda, ngakhale nzeru zake zimayenda njira yakeyake.

Lachiwiri, 12 Juni

Botolo: njerwa, koma a Jeremiya akuti yayamba kusuluka.

Kuchokera pa khonde kukafika pa nimu ndi mapazi 140. Masiku oyamba ndimafika pa mtengopo mtima ukugunda m'makutu. Lero ndapeza njira. Popita ndimawerenga mokweza, pobwerera ndimatseka buku n'kunena za pamtima. Zikulowa. Zikuoneka kuti mutu wanga sumafuna sikono kwenikweni, umangofuna kuti china chake chiziyenda.

A Kalisto amanditsata pambuyo akupuma mwawefuwefu, atanyamula mabuku ena. Kuwerenga amachita kugwiriza ndi chala, koma khutu lawo ndi la khukhi, madamu amangonena kamodzi basi. Ndikalakwitsa amati, “Mayi a Rosa, dzulo simunatero. Dzulo munati tirigu wa ku Canada amatuluka pa sitima.” Ndikatsegula buku ndimapeza kuti akhoza ndi iwo. Ndawauza kuti akalembe ndi iwo mayesowo, akuti sangakwane pa desiki.

Anthu odikira mankhwala pa benchi amandiyang'ana. Mayi wina anayesa ndikupemphera, anatsinzina, ndipo nditamaliza kutchula mapiri a ku Ulaya anati ameni.

Lachinayi, 14 Juni

Botolo: chikasu.

Ogwira ntchito m'wodi achepa, ndiye Sisitala walola kuti odikirira odwala azipereka okha mabotolo ku labu. A Kalisto amanyamula langa ndi manja awiri, atalikulunga m'mpango woyera. Lero ndinawatsatira, a Jeremiya n'kundilola kuima pakhomo ndikuonerera.

Zimene amachitazo zili m'buku langa la Sayansi, tsamba 63, poyeza shuga m'zakudya. Zaka zitatu ndakhala ndikujambula kagalasi kowiritsirako m'kope, kukatumiza pa positi, kukalandira ndi chongi chofiira, koma ndinali ndisanakaonepo ndi maso. Ndi kakang'ono kuposa mmene ndimaganizira. A Jeremiya anandifunsa mafunso atatu, ndinakhoza awiri. Anati funso limeneli likabwera pa mayeso ndisadzalembe kuti ndinayezera chiyani.

Loweruka, 16 Juni

Botolo: chikasu. Thupi lalefuka, njala yandikwiyitsa. Ndakalipira a Kalisto chifukwa chotafuna mtedza pafupi nane, kenaka ndinapepesa.

Ku bwalo la boma amayi akukonzekera magule a pa 6 Julayi, ng'oma zikumveka mpaka m'wodi. A tcheya a amayi kwathu atumiza mawu kuti nsalu yanga asunga, ndichire msanga mzere wanga uli ndi mpata. A Esinala avina ndi mapewa okha mpaka chingwe cha mwendo chinayamba kugwedera, Sisitala anabwera chothamanga.

Ndayesa masamu a mabulaketi. Akana.

Lolemba, 18 Juni

Sikelo: 200. Botolo: chikasu, tsiku lachisanu.

Atsala masabata awiri. Ndawerengera ndekha kuti ngati mtanda umodzi ukubweretsa chikasu, kusadya konse kubweretsa msipu. Nsima ya masana ndi ya madzulo ndapatsa a Esinala mobisa, iwo anathokoza m'Chisena kuti “Takhuta” n'kuidya osafunsa. Ndayenda kakhumi m'malo mwa kasanu. Mitu iwiri ya Histole yalowa bwinobwino.

Lachitatu, 20 Juni

Dzulo sindinalembe. Ndinagwa pa nimu paja.

Ndinayamba ndi thukuta lozizira, manja kunjenjemera, zilembo za m'buku kuoneka ziwiriziwiri. A Kalisto anandinyamula okha mpaka pa khonde, sindikudziwa kuti mphamvu anazitenga kuti. Sisitala Molly anandimwetsa madzi a shuga, masipuni atatu, shuga yemweyo amene wakhala akundiletsa. Nditatsitsimuka anakoka mpando n'kukhala.

“Aphunzitsi, mwana wa m'kalasi mwanu mukamuuza kuti alembe tsamba limodzi, iye n'kung'amba kope lonse, mumamutani?”

Sanadikire yankho, anapitiriza.

“Piritsi lija limafuna kupeza chakudya m'mimba. Likapanda kuchipeza limadya inuyo. Ndinati mtanda umodzi ndi maulendo asanu. Musandiwonjezere masamu anu.”

A Esinala anaulula okha kuti nsima anadya ndi iwo, akuti amayesa ndi mwambo wa matendawa.

A Kalisto anabweranso madzulo. Atakhala m'mphepete mwa bedi anati, “Ine ndinaona njala ya kwathu ndili mwana. Ndinaona anthu akufa nayo. Wakufa ndi kukhuta sindinamuonepo.” Maso awo anali ofiira. Ndinawaopsa kwambiri, ndipo ndikumva chisoni.

Lachisanu, 22 Juni

Botolo: chikasu chopepuka. Ndikudya monga anandiuzira, ndikuyenda kasanu, osawonjeza.

Chigwereni changa a Kalisto alanda ntchito yondiphikira. Anapita okha kwa Sisitala kukafunsa zololedwa, anabwera kudzayeza nkhonya yanga m'makapu atatu mpaka anapeza yokwana, ndipo kapu imeneyo ndiyo muyeso wa nsima yanga. Amadandaula kuti kuphika kopanda mafuta ndi kutukwana poto. Koma lero abweretsa nsomba za makakana zophikira bwemba ndi tomato, ndi masamba a chitambe ofewa bwino, moti ndinanyambita zala. Akuti ku mpanda kuja amayi amawazungulira kudzaonera mwamuna akuphika, ena kudzaseka, ena kudzaphunzira.

Masiku ano akuyenda ndi botolo la madzi m'thumba, akumwa pafupipafupi. Akuti ndi utsi wa ku mpanda ukuwaumitsa kukhosi.

Masamu a mabulaketi alola, ndinawanenera pa njira ya ku nimu.

Lamlungu, 24 Juni

Sikelo: 197.

Kwabweranso alendo, aphunzitsi anzanga awiri ndi amayi atatu a ku tchalitchi. Ana a Sitandade 3 anditumizira malambe ndi kalata yolakwika mawu asanu ndi anayi, ndawerenga. A Kalisto amaliza mbale zisanu m'dzina langa.

Diresi langa la maluwa layamba kukhwepa m'chiuno. Ine ndinakondwa, ndinawaonetsa. Iwo anayang'ana kumbali.

“Achimwene anu akubwera Lachinayi,” anatero. “Akakuonani chonchi adzati ndikukuzunzani.”

Ndinawauza kuti adzayankha ndi dokotala. Iwo anati dokotala sanapereke ng'ombe za malowolo kwa Ndamera.

Lachitatu, 27 Juni

Botolo: msipu. Loyamba.

A Jeremiya anabwera okha kudzandiuza. A Esinala analuluta ali chigonere. Ndakwanitsa maulendo asanu osaima, ndipo pa nimu ndinafika ndikutha kulankhula.

Lachinayi, 28 Juni

Botolo: msipu. Lachiwiri. Latsala limodzi.

Afika achimwene anga a Augustino ndi akazi awo a Josephine, ulendo wa masiku awiri. Achimwene anandiyang'ana m'khosi nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa a Kalisto n'kunena kuti, “Alamu, ife tinakupatsani munthu wathunthu.” Ananena ngati nthabwala, koma palibe anaseka. A Kalisto anagwira chipewa ndi manja awiri, mutu pansi.

A Josephine anamasula chigumu cha nthochi, chothira shuga, chimene anaphika ndi manja awo. Ndinati ndidya ndikapuma. Iwo anakana m'Chisena, “Nkhabe. Ndione ndi maso anga, ndikanene kumudzi kuti mukudya.” Anakhala pa bedi atagwira mbale. Ndinayang'ana amuna anga ali chiimire ngati mwana wogwidwa, ndipo ndinadya chidutswa chimodzi kuti achimwene awasiye. Mulungu andikhululukire, chinali chokoma.

Atapita ndinayenda maulendo anga asanu mofulumira. A Kalisto amangondifunsa kuti, “Chionekera? Chigumu chija chionekera m'botolo?” Ndinati sindikudziwa.

Lachisanu, 29 Juni

Botolo: njerwa.

Ndilemba zonse mwa dongosolo, chifukwa mutu wanga sunakhazikike.

A dokotala anabwera ndi pepala la ku labu cha m'ma teni. Sanakalipe. Anati shuga wakwera kuposa tsiku limene ndinabwera, mapiritsi akanika, mawa m'mawa ayamba kundibaya jakisoni, ndipo ndikhala masabata ena awiri. Ndinati, “Nanga mayeso?” Iwo anati, “Mayeso amabwera chaka chilichonse, mayi.” Koma kwa ine chaka china kulibe.

Ndinafunda chitenje kumutu n'kulira. Zaka khumi ndi chimodzi za choko ndasinthanitsa ndi chidutswa cha chigumu. A Esinala anatambasula dzanja n'kundigwira mkono osanena kanthu, chinthu chimene sichinachitikepo chibwerereni.

Masana a Kalisto sanabwere ndi chakudya. Ndinakawapeza atakhala pa muzu wa nimu.

“Mayi a Rosa, ndalakwa.”

“Simunalakwe inu. Chigumu ndinadya ndine.”

“Si za chigumu. Botolo lija.”

“Latani?”

“Wanu ndinataya kuseri kwa khitchini. Ndimaopa kuti chigumu chionekera. Ndinalitsuka bwinobwino n'kuikamo wanga.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pa fumbi.

“Ine sindidwala,” anapitiriza. “Chibadwire sindinagonepo m'chipatala. Ndinati wanga utuluka buluu, inu mukalembe mayeso. Si ndife thupi limodzi? Koma mankhwala aja ndi ochenjera, azindikira kuti ndi wa mwamuna.”

Ndinayamba kuseka. Ndinaseka mpaka alonda a pa geti anasuzumira. Kenaka kuseka kunandithera, chifukwa ndinawayang'ana bwinobwino amuna anga. Botolo la madzi lili m'thumba. Milomo youma. Bala la pa msongolo limene anapsa ndi khala mu Epulo silinapolebe. Ndinakumbukira mbale zonse za masabata atatu, ndi zaka khumi ndi ziwiri zolawa makeke a mzungu.

“A Kalisto, mankhwala aja sadziwa mwamuna kapena mkazi. Amangodziwa shuga. Njerwa ija ndi yanu.”

Anandiyang'ana osamvetsa. Ndinawafotokozera monga zilili pa tsamba 63, pang'onopang'ono, kawiri. Atamva anatsitsa mawu n'kuyang'ana ku geti.

“Musanene. Chino n'chipatala cha Boma. Munthu wonamiza Boma masiku ano amapita osatsanzika. Zikafika kwa a tcheyamani a chipani, tiyirumu atseka.”

Mantha amenewo ndinali nawo inenso, sindinama. Koma ndinati, “Mawa andibaya jakisoni wa matenda anu. Mukufuna ndigwenso pa mtengo uno osadzukanso? Ndipo inu amene mukudwaladi akuthandizani ndani?”

Anayang'ananso ku geti. Kenaka anavala chipewa n'kuimirira. “Tiyeni. Koma muyambe ndinu kulankhula, ndinu aphunzitsi.”

Sisitala Molly anamvetsera mpaka kumapeto, anatuluka pa khonde, n'kubwera akupukuta maso. A dokotala sanaseke. Anati, “Bambo, mukanamupha mkazi wanu.” A Kalisto anagwada pa simenti, munthu wamkulu chonchija, n'kunena kuti ngati n'kumanga amange iwo, ine sindimadziwa kanthu. A dokotala anawayang'ana, anayang'ana bala lija, n'kunena kuti, “Dzukani. Apolisi anu ndi Sisitala awa. Kwerani sikelo.”

Yati 231. Ulendo uno sanayang'ane uku ndi uku.

Loweruka, 30 Juni

Mabotolo awiri, onse anyamulidwa ndi Sisitala yekha. Langa msipu. Lawo njerwa.

Jakisoni sandibaya. Koma a dokotala akuti la Lachisanu palibe akulidziwa, choncho mzere unaduka, tiyambirenso. Lero loyamba, mawa lachiwiri, Lolemba m'mawa lachitatu. Mayeso amayamba 8 koloko. A Jeremiya avomera kubwera mawa akatuluka ku tchalitchi, ndi Lolemba 6 koloko. Akuti akufuna kuona mathero a nkhaniyi.

A Kalisto awagoneka ku wodi ya amuna, bedi la pa zenera. Ndinakawaona masana. Awapatsa mtanda umodzi ndi nyemba, ndipo anaukweza m'mwamba kundionetsa. “Kameneka kudya kapena kulawa?” Ndinawauza kuti masiku atatu oyamba ndi amene amapweteka. Anandipempha kuti ndiwatumizire kapu yanga yoyezera, ndinati apeze yawo.

Ndikuopa. Sindinazolowere kuwaona atagona masana. Ndabwereza Jogalafe pa njira ya ku nimu ndekha, ndipo palibe anandikonza.

Lamlungu, 1 Julayi

Botolo: msipu. Lachiwiri. Sikelo: 194.

Mbiri yafika kwa Makhuwira kuti tonse tagonekedwa, ndiye amayi a Simoni abwera ndi gulu lalikulu kuposa kale, mbale khumi ndi imodzi, ndipo wodya palibe. Anaziyala pa bedi langa. Ndinaziyang'ana, ndinaona nkhope za amayi amene ndakhala nawo pa maliro ndi pa maukwati zaka zonsezi, ndipo ndinaganiza kuti bodza latikwana.

Ndinati, “Amayi anga, mbale zanu zonse zija sindinadye ine. Anadya a Kalisto, poopa kuti mungakhumudwe. Ine ndikadya izi lero, mawa sindilemba mayeso. Iwo akadya, bala lawo silipola. Sindikukuganizirani choipa, Mulungu akuona. Ndikupempha kuti mugawire ndi manja anu anzangawa, ena abale awo ali kutali.”

Amayi a Simoni anamanganso mpango wawo ngakhale sunamasuke. Ndinaona kuti zawapweteka. Amene anatipulumutsa ndi a Esinala, anakweza mbale yawo yopanda kanthu n'kunena kuti, “Ine sindiganizira munthu. Yambirani kuno.”

Amayi a Simoni anaseka pang'ono, anawapakulira mpunga, kenaka anayenda bedi ndi bedi. Potsanzika anandifunsa kuti Lamlungu likudzali abweretse chiyani. Ndinati nkhwani. Anapukusa mutu kuti munthu angakwere basi ndi nkhwani ngati mbuzi ikumudikira, koma anavomera.

Lolemba, 2 Julayi

Botolo: msipu. Lachitatu. A Jeremiya anawiritsa ine ndili pakhomo, 6 koloko itangopitirira.

A dokotala alola kuti ndizipita kukalemba n'kubwera kudzagona m'wodi mpaka mayeso athe. Sisitala wandipatsa maswiti awiri a m'thumba, akuti ndidye pokhapokha manja akayamba kunjenjemera, ndipo madzulo adzawawerenga.

Ndinadzera pa zenera la wodi ya amuna. A Kalisto anali akudikira, anatulutsa dzanja n'kundipatsa dzira lowiritsa, lotentha. Anapempha mayi wina wa ku mpanda kuti awawiritsire. “Ndafunsa kwa Sisitala, n'lololedwa,” anatero. Ana anga a Sitandade 3 amati ukadya dzira pa tsiku la mayeso umapeza ziro. Ndinalisenda pomwepo n'kudya lonse iwo akuona.

Ku sekondale ndayenda wapansi, mtunda umene mwezi watha sindikanautha. M'holo munadzaza ana a msinkhu wa Rosa wathu. Chaka chatha anachita kundifunira mpando wapadera, lero ndakwana pa desiki ngati wina aliyense. Pepala linali la Jogalafe. Pa funso lachitatu mutu unaima, zonse zinathawa, ndipo ndinayamba kufuna chotafuna. Ndinatsinzina n'kuyamba kuyendetsa mapazi pansi pa desiki, popita ndi pobwerera, mpaka mayankho anayamba kubwera limodzilimodzi. Woyang'anira mayeso anandiyang'ana, koma anandisiya. Ndalemba mpaka belu. Ngati ndikhoza sindikudziwa, atsala mapepala asanu ndi awiri. Maswiti onse awiri ndabwera nawo.

Pobwera ndinawapeza a Kalisto pa nimu, atavala malaya a chipatala osafika pa mimba, bandeji ili pa msongolo. Za mayeso sanafunse.

“Njala?” anatero.

“Ande,” ndinavomera m'Chisena. “Inu?”

“Yoopsa.”

Sisitala anawalamula maulendo asanu, ndipo anali asanayambe, amadikira ine. Ndinawapatsa buku la Sayansi la mawa kuti anyamule. Pa ulendo wachitatu anapempha kuti tipume. Ndinawagwira dzanja pamaso pa anthu onse a pa geti, n'kukana.